Momwe mungasinthire ma KB, MB, GB ndi Mbps popanda kusokonezeka

Mukagula flashi yolembedwa 32 GB mu Old Town kapena kwa ogulitsa a mumsewu wa Malangalanga, n'kukaibaya pa kompyuta ya Windows, idzakuwonetsani 28 kapena 29 ndi kanthu. Ambiri amabwerera nayo kwa wogulitsa atakwiya kuti awabera. Nthawi zina amakhala kuti awaberadi, ndipo tifikako, koma kawirikawiri flashiyo ilibe mlandu. Wopanga flashi ndi Windows amatchula dzina limodzi, GB, koma miyeso yawo ndi yosiyana. Zili ngati ndowa ya chimanga pamsika: wina amaisalaza pakamwa, wina amaidzaza mpaka kutuluka kaphiri pamwamba, koma onse amati ndowa imodzi.

Choncho musanagwire kalikuleta, yankhani mafunso awiri. Kodi b wolembedwayo ndi wamng'ono kapena wamkulu? Kodi amene walemba nambalayo akuwerengera 1000 kapena 1024? Mukapeza mayankho awiriwa, chotsala ndi kuchulukitsa ndi kugawa basi.

Choyamba: yang'anani b

Kompyuta imasunga chilichonse ngati 0 kapena 1. Kamodzi ka zimenezi ndiye bit. Ma bit asanu ndi atatu akakhala pamodzi amapanga byte imodzi. Bit imalembedwa ndi b wamng'ono, byte ndi B wamkulu. Motero 40 Mb ndi 40 MB si zofanana: 40 Mb ndi 5 MB yokha.

Kukula kwa fayilo, malo a mu flashi ndi bandulo ya foni zimayezedwa mu ma byte: KB ndi kilobyte, MB ndi megabyte, GB ndi gigabyte, TB ndi terabyte. Liwiro la intaneti limayezedwa mu ma bit pa sekondi, ndiwo ma kbps ndi ma Mbps aja (ma kilobit ndi ma megabit pa sekondi). Kuchoka ku ma bit kupita ku ma byte, gawani ndi 8. Kubwerera, chulukitsani ndi 8.

Chenjerani ndi zolembedwa pamapepala otsatsa malonda ndi m'mauthenga a pa WhatsApp, chifukwa olemba ambiri sasamala za chilembo chachikulu ndi chaching'ono. Mukaona "mb" onse ang'onoang'ono, yang'anani nkhani yake. Ngati akunena za bandulo kapena fayilo, ndi MB. Ngati akunena za liwiro la rauta, ndi Mbps.

Kuti mumvetse kuti byte ndi chinthu chenicheni, tsegulani Notepad, lembani mawu oti Malawi osadina Enter, n'kusunga. Fayiloyo idzakhala ma byte 6, chilembo chilichonse byte imodzi. Lembaninso Malaŵi, ndi ŵ wa kadenga, musunge ngati UTF-8, njira yosungira zilembo yomwe mumasankha pa Encoding. Tsopano ndi ma byte 7, chifukwa ŵ amatenga awiri. Kachilemboka kamavutitsa pa SMS. Uthenga umodzi wa SMS umanyamula ma byte 140, omwe ndi ma bit 1120. Zilembo wamba zimatenga ma bit 7 chilichonse, ndiye 1120 kugawa ndi 7 ndi zilembo 160. Koma ŵ mulibe m'gulu la zilembo wamba za SMS, ndipo mukangomulemba kamodzi, foni imasinthira uthenga wonse ku ma bit 16 pa chilembo. 1120 kugawa ndi 16 ndi 70. Uthenga womwe ukanapita umodzi umaduka pawiri kapena patatu, ndipo mumalipira onsewo. Ma emoji amachitanso chimodzimodzi. A masukulu ndi mipingo amene mumatumiza ma SMS ambirimbiri nthawi imodzi, ichi chikukhudzani.

Chachiwiri: 1000 kapena 1024?

Pa sikelo ya pamsika kilo ndi magalamu 1000, ndipo palibe amene amatsutsa. Pa kompyuta zinthu zimayenda mowirikiza kawirikawiri: 2, 4, 8, 16, mpaka 512 kenako 1024. Popeza 1024 ili pafupi ndi 1000, akatswiri akale anangoitcha kilo. Nthawiyo kusiyana kwake kunali kochepa, koma mukamakwera makwerero kumakula:

KB ndi ma byte 1,000 kapena 1,024, kusiyana kwa 2.4%
MB ndi 1,000,000 kapena 1,048,576, kusiyana kwa 4.9%
GB ndi 1,000,000,000 kapena 1,073,741,824, kusiyana kwa 7.4%
TB ndi 1,000,000,000,000 kapena 1,099,511,627,776, pafupifupi 10%

Mu 1998 bungwe la IEC, loona za miyezo ya zamagetsi padziko lonse, linakhazikitsa mayina apadera a miyeso ya 1024: KiB, MiB, GiB ndi TiB. Mukaona i pakatipo, dziwani kuti ndi 1024 mosakayika. Tsoka lake mayinawa sanafale pakati pa anthu wamba, ndipo Windows mpaka lero imawerengera 1024 koma n'kulemba GB wamba.

Amene amawerengera 1000 ndi opanga ma flashi, ma memori khadi, ma hard disk ndi ma SSD, komanso makompyuta a Apple kuyambira mu 2009. Liwiro la intaneti nalonso ndi la 1000 nthawi zonse: 1 Mbps ndi ma bit 1,000,000 pa sekondi. Amene amawerengera 1024 ndi Windows ndi RAM, malo omwe kompyuta imasungamo kwakanthawi zomwe ikugwiritsa ntchito. RAM ya 8 GB ndi 8192 MB.

Za bandulo ya Airtel kapena TNM musachite kuganizira. Gulani ya 1 GB, zimitsani data musanagule, kenako funsani balansi nthawi yomweyo. Ikalemba 1024 MB mwadziwa, ikalemba 1000 MB mwadziwanso. Nambala imeneyo ndiyo muzigwiritsa ntchito powerengera mabandulo onse a netiweki imeneyo.

Chachitatu: tsikirani ku ma byte, kenako kwerani

Makwerero ake ndi awa: byte, KB, MB, GB, TB. Mukamatsika kuchoka ku muyeso waukulu kupita ku waung'ono, chulukitsani kamodzi pa sitepe iliyonse. Mukamakwera, gawani kamodzi pa sitepe iliyonse. Kuchoka pa GB kufika pa KB ndi masitepe awiri, ndiye muchulukitsa kawiri.

Mwachitsanzo, 2.5 GB ndi ma MB angati? Sitepe ndi imodzi yotsika. Pa 1000 ndi 2500 MB, pa 1024 ndi 2560 MB. Nanga balansi ikalembedwa 358,400 KB? Sitepe imodzi yokwera: kugawa ndi 1024 kukupatsani 350 MB. Ndipo 750 MB ndi 0.75 GB pa 1000, koma 0.73 GB pa 1024.

Pamene mukusamutsa nambala kuchoka kwa wowerengera 1000 kupita kwa wowerengera 1024, musadumphe. Tsikirani pansi penipeni pa ma byte, chifukwa byte ndi imodzimodzi kwa aliyense, kenako mukwere ndi makwerero a winayo. Tiyeni titenge flashi ija ya 32 GB. Wopanga akutanthauza ma byte 32,000,000,000. Gawani ndi 1024, mupeza 31,250,000 KB. Gawaninso, mupeza 30,517.6 MB. Kachitatu, 29.8 GB. Ndiyo nambala yomwe Windows ingawonetse ikachulukitsitsa.

Njira yachidule ndi kuchulukitsa nambala ya papaketi ndi 0.931. Ya 8 GB imabwera 7.45, ya 16 GB 14.9, ya 64 GB 59.6, ya 128 GB 119.2. Hard disk ya 500 GB imawoneka 465 GB, ya 1 TB imawoneka 931 GB. Ma flashi ambiri amatsikanso pang'ono kuchoka pamenepa, mwina 28.8 m'malo mwa 29.8, chifukwa malo ena amasungidwira kayendetsedwe ka flashiyo. Zimenezo n'zabwinobwino.

Kuti muone ma byte enieni a fayilo pa Windows, dinani batani lakumanja la mausi pa fayiloyo, musankhe Properties. Pa mzere wa Size pali nambala yofupikitsa, ndipo pambali pake pali nambala yaitali ya ma byte. Filimu yomwe Windows ikuti 700 MB ili ndi ma byte 734,003,200, ndipo mnzanu wa MacBook adzaiona ngati 734 MB. Palibe chawonjezeka. Pansi pake pali mzere wina wa Size on disk, womwe nthawi zambiri umakhala wokulirapo. Diski imagawidwa timagawo, pa NTFS (kakonzedwe ka diski ka Windows) nthawi zambiri ta ma byte 4096, ndipo fayilo ya ma byte 5000 imatenga timagawo tiwiri tathunthu, 8192. Posintha miyeso gwiritsani ntchito Size, osati Size on disk.

Ogwira ntchito m'maofesi amene muli ndi mndandanda wautali mu Excel, lembani =A2/1024^2 kuti ma byte a mu A2 asanduke ma MB a Windows, kapena =A2/1000^2 pa muyeso winawo, n'kukokera pansi. Samalani ndi dontho ndi mpatuliro. 1.024 ndi 1,024 si nambala imodzi, ndipo mawebusayiti ena a ku Ulaya amalemba mpatuliro pamene ife timaika dontho.

Kudawuniloda kutenga nthawi yaitali bwanji?

Apa ndi pamene 8 uja amagwira anthu. Munthu walipira intaneti ya 20 Mbps, akuyang'ana Chrome ikulemba 2.4 MB/s (ma MB pa sekondi), ndiye akuyamba kuimbira kampani. Chonsecho 20 kugawa ndi 8 ndi 2.5. Akulandira pafupifupi zonse zomwe analipira.

Chitani motere. Sinthani kukula kwa fayilo kukhale mu ma MB. Chulukitsani ndi 8 kuti mupeze ma megabit. Gawani ndi liwiro lanu la Mbps, mupeza masekondi. Gawani ndi 60, mupeza mphindi. Fayilo ya 1.2 GB pa liwiro la 5 Mbps: 1200 kuchulukitsa ndi 8 ndi 9600, kugawa ndi 5 ndi masekondi 1920, omwe ndi mphindi 32. Onjezerani mphindi zingapo, chifukwa mbali ina ya liwirolo imapita ku timauthenga tomwe makina amatumizirana pounikirana kuti zonse zafika bwino.

Liwiro loika m'masamuwa likhale lomwe mwayeza pamalo pomwe mulipo ndi nthawi yomweyo, osati la papepala lotsatsa. Nsanja imodzi ya netiweki imagawidwa pakati pa onse oyandikana nayo, ndiye liwiro la ku Area 25 kapena ku Kawale cha m'ma 8 koloko usiku, anthu onse ali pa foni, silingafanane ndi la m'bandakucha. Dziwaninso kuti kuyeza liwiro kumadya data. Pa 20 Mbps, masekondi khumi aliwonse ndi 25 MB. Osamangoyeza kasanu motsatizana pa bandulo ya 100 MB.

Bandulo ikwanira maola angati?

Chilichonse chomwe mukumvera kapena kuwonera pa intaneti chili ndi liwiro lake lomwe chimadyera data. Ola lili ndi masekondi 3600, ndipo 3600 kugawa ndi 8 ndi 450. Sungani nambala imeneyi pamtima. Mbps kuchulukitsa ndi 450 ndi ma MB a pa ola. Kwa ma kbps, chulukitsani ndi 0.45.

Wailesi ya pa intaneti ya 64 kbps imadya 28.8 MB pa ola, ya 128 kbps 57.6 MB. Mutha kumvera tsiku lonse la ntchito ndi 500 MB. Vidiyo ndi nkhani ina. Ya 1 Mbps ndi 450 MB pa ola, ya 3 Mbps ndi 1350 MB. Masewero a Silver Strikers ndi Bullets, mukaphatikiza nthawi yopuma ndi yowonjezera, amafika maola awiri. Pa 2 Mbps ndi 1800 MB. Wogula bandulo ya 1 GB adzaona chigawo choyamba n'kumva zigoli za chigawo chachiwiri kwa aneba.

Chomwe chimasokoneza n'chakuti YouTube ndi Facebook zimasintha zokha kuwoneka bwino kwa vidiyo molingana ndi mphamvu ya netiweki. Netiweki ikakhala yabwino, zimakweza, ndipo ma MB amathamanga. Ndi chifukwa chake anthu ochoka pa 3G kupita pa 4G amadandaula kuti data ikutha msanga. MB ndi yomwe ija, kungoti foni ikutha kukoka zambiri pa mphindi imodzi. Lowani pa zosankha za vidiyoyo muike nokha 360p kapena 480p.

Kuti mudziwe kadyedwe kenikeni ka pulogalamu inayake, funsani balansi, muwonere mphindi khumi zenizeni, mufunsenso balansi. Kusiyanako kuchulukitsa ndi 6 ndi ma MB a pa ola. Musanayese, letsani foni kukonzanso mapulogalamu ake payokha, apo ayi muwerengera limodzi ndi zomwe simunawonere. Mukayerekeza ndi zomwe foni yalemba pa Data usage, musadabwe zikasiyana pang'ono. Foni ndi kampani zitha kukhala kuti zikuwerengera 1000 ndi 1024 mosiyana, ndipo bandulo imawerengera zomwe mwatumiza pamodzi ndi zomwe mwalandira.

Nyimbo zingati mu memori khadi?

Obena nyimbo m'misika ya ku Chinsapo, Mchesi ndi Biwi amafunsidwa funsoli tsiku lililonse. Masamu ake ndi omwe aja. Nyimbo ya MP3 ya 128 kbps yotalika mphindi zinayi ili ndi masekondi 240. 128 kuchulukitsa ndi 240, kugawa ndi 8, ndi 3840 KB, kapena 3.84 MB. Mwachidule, mphindi imodzi ndi pafupifupi 1 MB. Khadi la 4 GB lili ndi 4000 MB ya wopanga, ndiye lilowa nyimbo pafupifupi 1000. Zikakhala za 320 kbps, iliyonse ndi 9.6 MB, ndipo zilowa 400 ndi kanthu. Nyimbo za kwaya zotalika mphindi zisanu ndi zitatu, chepetsani ndi theka.

Apa gwiritsani ntchito muyeso umodzi mbali zonse. Mukatenga malo omwe Windows yawonetsa, tengani kukula kwa nyimbo kuchokera ku Windows komweko. Mukasakaniza 4000 wa papaketi ndi ma MB a Windows, nyimbo zomaliza zidzakana kulowa.

Fomu ikuti fayilo isapose 2 MB

Pofunsira ntchito kapena malo a sukulu pa intaneti, malire otere ndi ofala. Vuto ndi lakuti simudziwa ngati wolemba webusayitiyo anaika 2,000,000 kapena 2,097,152. Fayilo yomwe Windows ikuti 1.95 MB ili ndi ma byte opitirira 2,040,000, ndipo itha kukanidwa. Lingani pansi pa 1,900,000 pa nambala yaitali ija ya mu Properties.

Satifiketi imakula chifukwa cha momwe mwaisikanira. Pepala la A4 pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse) lili ndi timadontho 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali, tonse pamodzi pafupifupi 8.7 miliyoni. Likakhala la mitundu, kadontho kalikonse ndi ma byte atatu, ndiye 26 MB lisanapanikizidwe. Mukatsitsa kufika 150 dpi, timadontho timachepa kanayi, osati kawiri, chifukwa mwachepetsa m'lifupi ndi m'litali momwe. Mukachotsanso mitundu, zimachepa katatu. Uzani wa pa steshonale asikane pa 150 kapena 200 dpi, mopanda mitundu ngati chidindo sichikufunika kuwoneka mtundu wake, asunge ngati PDF kapena JPEG. Musanachoke tsegulani fayiloyo muone ngati manambala ang'onoang'ono akuwerengeka.

Pa imelo pali chinanso. Gmail imalola zomata zofika 25 MB, zikapitirira imaziika pa Google Drive n'kutumiza linki. Koma fayilo ikamayenda mu imelo imalembedwanso mwa njira yomwe ma byte atatu aliwonse amasanduka anayi. Ya 18 MB imafika 24 MB panjira. Ngati imelo ya ku ofesi yomwe mukutumizako ili ndi malire a 20 MB, idzabwerera ngakhale inu mukuona 18.

Malo alipo koma fayilo ikukana kulowa

Flashi ili ndi 20 GB yopanda kanthu, mukuyesa kuikamo vidiyo ya ukwati ya 4.5 GB, kompyuta ikuti fayilo yakula kwambiri. Apa masamu anu sanalakwe. Ma flashi ndi makhadi ambiri a 32 GB kutsika pansi amabwera ndi kakonzedwe ka FAT32, komwe sikalola fayilo imodzi kuposa ma byte 4,294,967,295, kutanthauza 4 GB ya 1024 kuchotsapo byte imodzi. Koperani kaye zonse za mu flashiyo pa kompyuta, chifukwa kufomata kumafufuta chilichonse, kenako muifomate ngati exFAT, kakonzedwe kena komwe kamalola mafayilo aakulu. Ganizirani kaye komwe flashiyo imagwira ntchito. Mawailesi ambiri a m'galimoto ndi m'minibasi, masipika ndi ma TV akale amawerenga FAT32 yokha. Ngati ndi ya kumeneko, ndi bwino kuidula vidiyoyo pawiri.

Pamene mwaberedwadi

Flashi yabodza nthawi zambiri siwonetsa malo ochepa. Imawonetsa ambiri, bwino lomwe. Ndi ya 8 GB yomwe kachipangizo kake kam'kati anakasintha kuti kazinena 64 GB kapena 1 TB. Mukamaika mafayilo, imalandira osadandaula. Mukapitirira malo ake enieni, zatsopanozo zimangotayika kapena zimalembedwa pamwamba pa zakale. Mayina a mafayilo amawonekabe onse ndi kukula kwawo, koma mukatsegula chithunzi chimakana, nyimbo imaduka pakati. Properties singakuthandizeni apa chifukwa imangobwereza zomwe flashiyo yanena.

Njira yodalirika ndi kuidzaza yonse n'kuwerenganso. Pa Windows pali pulogalamu yaulere ya H2testw, pa Linux ndi Mac pali F3. Flashiyo ikhale yopanda kanthu. Tsegulani H2testw, musankhe flashiyo pa Select target, musiye pa all available space, n'kudina Write + Verify. Imalemba mafayilo mpaka kudzaza, kenako imawawerenga limodzi ndi limodzi, n'kukuuzani ma GB omwe ali bwino ndi omwe atayika. Nthawi yake muiwerengeretu ndi masamu omwe aja: 64,000 MB pa liwiro lolembera la 10 MB pa sekondi ndi masekondi 6400, pafupifupi ola limodzi ndi mphindi 47, osawerengera nthawi yowerenganso. Chitirani pa laputopu yodzaza batire kuti magetsi akathima musayambirenso. Zotsatira zikatuluka, jambulani sikirini ndi foni, mutenge chithunzicho pamodzi ndi risiti pobwerera kwa wogulitsa, ndipo mafayilo a H2testw aja muwasiye momwemo kuti naye adziwonere yekha.